Tambala Wolusa Pakhomo: Momwe Mungamuchotsere Osapatsira Mnzanu Tsoka

MAWU OYAMBA

Pakhomo pamene pali tambala wolusa sipasowa. Mayi akamakataya madzi otsukira mbale amanyamula tsache m'manja. Ana popita kuchimbudzi amazungulira kuseri kwa nkhokwe. Mlendo asanati n'komwe "odi", wina amakhala atafuula kale kuti, "Samalani tambalayo, amajompha!" Banja limapirira mwezi, miyezi iwiri, mpaka tsiku limene mwana wabwera akulira, magazi ali chuchuchu patsaya. Pamenepo aliyense amanena mawu amodzi: achoke.

Kuchoka achoke ndithu, koma apite kuti? Ambiri amangomumanga miyendo n'kukamutula kwa mbale kapena kwa mnansi, osatchula chimene wachokera. Sabata isanathe, walumphira mwana wa kumeneko, ndipo chibale chasanduka mlandu.

Tambala akamachoka pakhomo amanyamula zinthu ziwiri zosaoneka ndi maso: khalidwe lake ndi matenda a m'khola limene amagona. Kabuku aka kakufotokoza zimene mungachite kuti katundu ameneyu asakagwere munthu wosadziwa kanthu.

1. N'CHIFUKWA CHIYANI TAMBALA AMALUSA?

Ntchito ya tambala si kulira m'mamawa kokha. Iye ndi mlonda wa nkhuku zinzake. Akaona kabawi kapena mphamba m'mwamba amachenjeza, mathadzi ndi anapiye n'kuthawira pansi pa nkhokwe. Akapeza chakudya amaitana. Mtima womwewo woteteza ukapitirira muyeso, amayamba kuona munthu ngati mdani.

Zimene zimabweretsa ukali kawirikawiri ndi izi:

Msinkhu. Tambala wamng'ono amayamba kulira ndi kukwera nkhuku ali ndi miyezi yapakati pa 5 ndi 7. Nthawi imeneyi magazi amakhala akuwira, ndipo amayesa mphamvu pa chilichonse choyenda. Ena amadzazizira akapitirira chaka, ena ayi.

Kuchuluka kwa atambala. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Tambala mmodzi amakwanira nkhuku zazikazi pafupifupi 10. Mukakhala ndi atambala atatu pa mathadzi asanu, ndewu siitha, ndipo wopambana amazolowera kumenya.

Kuchepa kwa malo. Kumudzi nkhuku zimabalalika kukapalasa kudambo ndi kumunda. Pa ploti ya ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, tambala, ana, chingwe choyanikapo zovala ndi khomo la bafa zonse zili pamalo amodzi. Aliyense wodutsa amakhala walowa m'dera lake.

Kuputidwa. Ana akamathamangitsa nkhuku, kuzigenda kapena kugwira anapiye, thadzi limalira ndipo tambala amabwera kudzalanditsa. Akazolowera, salekanitsanso mwana wogenda ndi mwana wongodutsa. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

Kuleredwa m'manja. Mwanapiye amene anakulira m'nyumba, akudya m'dzanja la munthu, akakula saopa munthu. Amamuona ngati tambala mnzake woti alimbane naye.

Mtundu. Ukali wina ndi wa m'magazi. Tambala wolusa amatha kubereka atambala olusa.

2. KODI NDI WOLUSADI?

Si tambala aliyense wokalipa amene ayenera kuchoka. Amene amakalipa pokhapokha mukagwira thadzi kapena mukalowetsa dzanja pamene nkhuku ikufungatira akungogwira ntchito yake. Wolusa weniweni amaoneka motere:

- amakulondolani ngakhale simunayandikire nkhuku ina iliyonse;
- amabwera chammbali, phiko limodzi atalitsitsa pansi, nthenga za m'khosi ataziimika;
- amadikira mutembenuke kenako n'kukulumphirani kumbuyo;
- amasankha ana ndi okalamba;
- mathadzi ali ndi misana yososoka nthenga kapena mabala pansi pa mapiko.

Chida chake choopsa si mlomo. Kumbuyo kwa mwendo uliwonse kuli chikhadabo chosongoka ngati munga, chimene chimatalika chaka ndi chaka. Akalumpha amamenya ndi miyendo yonse iwiri, ndipo chikhadabochi chimaboola khungu n'kulowa mkati. Munthu wamkulu chimamupeza pakatumba. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu chimamupeza pankhope, pafupi ndi diso. Kumbukiraninso kuti tambala wachikuda amalemera makilogalamu awiri kapena kucheperapo, koma wa mtundu wa Black Australorp, amene ambiri timangoti wa Mikolongwe, amatha kupitirira makilogalamu atatu. Kumenya kwake n'kosiyana.

3. AKAVULAZA MUNTHU

Chilonda cha tambala chimaoneka chaching'ono pamwamba koma chimakhala chakuya, ndipo chikhadabo chimene chaboolacho chimayenda m'zitosi tsiku lonse.

1. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zingapo.
2. Ngati likutuluka magazi, psinjani ndi nsalu yoyera mpaka asiye.
3. Musathirepo dothi, phulusa, mchere kapena mankhwala otsukira mano.
4. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati bala ndi lakuya, lili pankhope kapena pamfundo ya chala kapena bondo. Funsani za katemera wa kafumbata, chifukwa tizilombo ta kafumbata timakonda mabala akuya olowa dothi.
5. Ngati lakhudza diso, musatikite kapena kuthiramo chilichonse. Phimbani ndi nsalu yoyera, osapsinja, ndipo thamangirani kuchipatala.
6. Bala likayamba kutupa, kutentha, kutuluka mafinya, kapena munthu akamva malungo, musadikire mawa.

Nkhuku siipatsira chiwewe. Zimenezo musade nazo nkhawa.

Wovulalayo akakhala mwana wa mnansi, mwinitambala apite yekha kukapepesa ndi kuthandiza za kuchipatala. Nkhani yofika kwa anyakwawa imadula kuposa tambala.

4. YESANI IZI KAYE

Ngati pakhomo pali mwana wosakwana zaka zisanu, munthu wokalamba woyenda ndi ndodo, kapena wina wosaona bwino, dumphani gawo lino. Mutsekereni tambalayo lero lomwe ndipo pitani ku gawo 5. Diso la mwana si choyesera.

Ngati pakhomo pali akuluakulu okhaokha ndipo tambalayo ndi wabwino pa mbewu, mungamupatse masabata awiri kapena atatu:

- Chepetsani atambala. Nthawi zina kuchotsa opikisana naye kumaziziritsa khola lonse.
- Letsani ana a m'mudzi kuthamangitsa nkhuku zanu. Mukafuna kugwira nkhuku ya ndiwo, igwireni usiku m'khola, osati kuithamangitsa masana iye akuona.
- Akabwera musathawe. Mukathawa, iye amati wapambana ndipo mawa abweranso. Imani, muyang'aneni, pitirizani ulendo wanu pang'onopang'ono.
- Musamumenye ndi chidendene kapena ndodo. Kwa iye imeneyo ndi ndewu imene amaifuna, ndipo mukhoza kumuthyola mwendo popanda kumusintha mtima.
- Valani buluku lalitali kapena nsapato zazitali, ndipo nyamulani lichero lakale kapena chivundikiro cha ndowa chotchingira.
- Alimi ena amamugwira, kumupanira m'khwapa mapiko atatsekeka, n'kumayenda naye pabwalo kwa mphindi 10 tsiku lililonse. Atambala ena amagonja nazo, koma kawirikawiri amangoopa munthu yekhayo amene amawanyamula. Kwa ena onse ukali umakhala uli pomwepo.

Masabata atatu akatha osasintha, musadzinamize. Yakwana nthawi yoti achoke.

5. YAMBANI MWAGWIRIZANA PABANJA

Nkhuku zimagona khola limodzi koma eni ake amakhala osiyana. Ina ndi ya mayi, ina anapatsidwa mwana ndi agogo ake, ina ndi ya mlamu amene anangoisungitsa. Musanachotse tambala dziwani mwini wake ndipo avomere. Ngati ndi wa mwana, mufotokozereni chifukwa chake, ndipo ngati n'kotheka musinthanitseni ndi msoti kuti asaone ngati walandidwa. Gwirizananinso za ndalama ngati mugulitse, kuti zisadzabutse mkangano wina.

6. NDANI ANGAMULANDIRE?

Khomo loyenera ndi lotere:

- palibe ana aang'ono, ndipo si njira ya ana a sukulu kapena ya kumjigo;
- pali nkhuku zazikazi zokwanira koma palibe tambala wina wamkulu;
- pali malo otakasuka kapena mpanda wabwino, monga kwa mlimi amene nkhuku zake zimakhala kudimba kapena kufamu;
- wolandirayo anawetapo nkhuku ndipo saopa tambala;
- ndi patali ndithu ndi kwanu. Nkhuku imadziwa kwawo. Mukampatsa mnansi wa kuseri kwa mpanda, madzulo mudzampeza m'khola lanu.

Anthu otere mungawapeze kudzera kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, kwa amene amayenda m'midzi kutemera nkhuku, kukalabu ya alimi, kubanki m'khonde kapena kutchalitchi ndi kumzikiti. Otemera nkhuku amadziwa makola a m'dera lonse, ndipo amadziwa amene tambala wake anagwidwa ndi vumbwe mwezi watha. Ngati mulengeza pa gulu la WhatsApp, lembani zoona zonse mu uthenga womwewo, osati chithunzi chokha.

Musamupereke:

- ngati mphatso kwa agogo okhala okha kapena osunga zidzukulu;
- pa chinkhoswe, kapena ngati nkhuku yolipira mlandu, musananene khalidwe lake. Nkhuku yomanga ubale isakhale yoyamba kuupasula;
- kwa anyamata ofuna kumamenyanitsa atambala. Imeneyo ndi nkhanza, ndipo lamulo loteteza nyama la dziko lino limaletsa kuzunza ziweto;
- kwa aliyense ngati m'khola lanu mwafa nkhuku ndi matenda posachedwapa.

Musakamutayenso kutchire, kumanda kapena pamphambano. Agalu adzamudya wamoyo, ndipo nkhuku yopezeka yokha pamphambano imabutsa manong'onong'o amene simungawazimitse.

7. NENANI ZOONA

Apa m'pamene ambiri amalakwa. Amaopa kuti akanena zoona tambalayo akanidwa. Akanidwe, palibe kanthu. Kukanidwa lero n'kopepuka kuposa kudzaitanidwa kuchipatala mawa. Choipa chimatsata mwini.

Kukambirana kwabwino kumamveka chonchi:

"Alamu, ndamva kuti tambala wanu anafa. Ine ndili naye wamkulu bwino, wa chaka chimodzi ndi theka, koma ndisakubisireni, ndi wolusa. Dzana anakanda mdzukulu wanga pamwendo."

"Amalusira aliyense kapena ana okha?"

"Ana ndi amayi makamaka. Ine amandiopa. Nkhuku zazikazi amazisamala bwino, ndipo mazira ake amaswa."

"Katemera analandira?"

"Wa chitopa analandira mwezi wa Julayi. Chiyambire chaka chino m'khola mwanga simunafe nkhuku ndi matenda."

"Kwathu kuno ana anakula onse. Bwerani naye timuone."

"Zikomo alamu. Akakuvutani musamupatse munthu wina osamuuza. Muphe, kapena mundiuze ndidzamutenge."

Onani zimene zanenedwa: msinkhu, amene amawalusira, zimene anachitapo, ubwino wake, katemera, ndi chochita zikakanika. Inunso amene mukulandira funsani. Safunsa anadya phula. Munthu akamakupatsani tambala wamkulu wonenepa kwaulere, funso loyamba likhale lakuti, "Walakwanji kwanuko?"

8. MUSANYAMULE MATENDA

Chitopa, chimene ena amati chideru, chimatha kupulula khola lonse m'masiku ochepa, ndipo njira yake yaikulu ndi nkhuku yochokera kwina. Chimavuta kwambiri nyengo yotentha, mvula isanagwe. Nkhuku imatha kukhala ndi kachilomboka masiku angapo, nthawi zina mpaka masabata awiri, isanaonetse chizindikiro chilichonse. Tambala wooneka wathanzi lero akhoza kukhala atanyamula imfa ya nkhuku za mnzanu.

Musanamupereke onani izi:

- M'masabata atatu apitawa, kodi m'khola lanu kapena kwa anansi mwadwala kapena kufa nkhuku? Ngati inde, tambala asatuluke pakhomo.
- Kodi akuodzera, kutsitsa mapiko ngati wavala jekete, kutsegula m'mimba zobiriwira, kupinda khosi kapena kupuma movutikira? Zimenezi ndi zizindikiro za chitopa. Dziwitsani mlangizi wa ziweto.
- Kodi ali ndi tizilonda pankhope ndi pa chofiira cha pamutu, kapena maso otupa ndi mamina? Asapite.
- Tsegulani nthenga pansi pa mapiko ndi kumchira muone nsabwe. Onani utitiri womata kuzungulira maso. Onani ngati miyendo yatupa mamba. Mlangizi akuuzani mankhwala oyenera. Musathire nkhuku mankhwala a thonje, a fodya kapena a mbewu za kudimba.

Katemera wa chitopa wa I-2 amadonthezedwa dontho limodzi m'diso, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Ngati tambala wanu sanalandire posachedwa, mutemereni masabata awiri asanasamuke kuti thupi lake likhale litakonzeka. Katemerayu amateteza, sachiza, choncho saperekedwa kwa nkhuku yodwala kale.

Ngati ulendo ndi wautali, wodutsa m'maboma ena, funsani ku ofesi ya za ziweto za chikalata chololeza kuyenda ndi chiweto, ndiponso ngati kulibe chiletso chifukwa cha mliri.

9. KUBUNTHITSA CHIKHADABO CHA KUMBUYO

Ndi ulemu kwa wolandira kumupatsa tambala amene chida chake chabunthitsidwa. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Mmodzi amukulunge tambala m'chitenje chakale kapena m'thumba la ziguduli, mutu uli panja, n'kugwira mwendo. Winayo apale nsonga yokha ndi tupa mpaka ibunthe. Musadule pafupi ndi mwendo, chifukwa mkati mwa chikhadabochi muli fupa lamoyo ndi magazi. Mukaona kadontho ka magazi lekani, ndipo psinjanipo ndi kansalu koyera mpaka asiye. Ngati simunachitepo, pemphani mlangizi akuonetseni.

Dziwani kuti chikhadabo chimameranso, ndipo kubunthitsa kumachepetsa bala, sikuchotsa ukali.

10. KUMUGWIRA NDI KUMUNYAMULA

Musamuthamangitse masana. Mudzatopa, mudzathyola mbewu za anansi, ndipo iye adzafika kumene akupita ali wolusa kuposa kale. Nkhuku siiona bwino mumdima, ndipo tambala woopsa masana amakhala phee usiku.

1. Konzani katoni yolimba kapena dengu lokhala ndi chivundikiro. Boolani mabowo ambiri m'mbali mwa katoni ndipo yalani udzu wouma pansi.
2. Dikirani kude, nkhuku zonse zitagona. Valani malaya a manja aatali.
3. Lowani mwakachetechete. Tochi iloze pansi, osati m'maso mwa nkhuku.
4. Ikani manja onse awiri pamsana pake, mapiko muwapanikize kuthupi. Kenako dzanja limodzi ligwire miyendo yonse iwiri pamwamba pa zikhadabo zija.
5. Nkhope yanu ikhale kutali ndi mlomo wake. Akavuta, mufunditseni kansalu kumutu.
6. Muikeni m'katoni ndi kumanga bwino chivundikiro.

Nyamukani m'mamawa kapena madzulo dzuwa litapepa. Nkhuku ilibe thukuta, imadziziziritsa popuma ndi kukamwa, n'chifukwa chake imafa msanga ndi kutentha. Musamuike m'thumba la feteleza lomanga kukamwa. Musamupachike chadodolido pa handulo ya njinga, chifukwa nkhuku yozondoka imavutika kupuma ndipo miyendo imatha kuguluka. Katoni imangidwe pakaliyala. M'minibasi ikhale pamene pakupita mphepo, osati pansi pa matumba. Ngati mufunika kumanga miyendo, gwiritsani ntchito kansalu kofewa, osati waya kapena mphira wa chubu, ndipo mumasuleni mukangofika. Paulendo wa maola ambiri imani mumupatse madzi.

11. KWA INU AMENE MWALANDIRA

Masabata atatu oyamba tambala akhale payekha, kutali ndi khola lanu, ndi chomwera ndi chodyera chakechake. Mupatseni madeya, masamba ndi madzi oyera pamthunzi. Muzimudyetsa pomaliza, mutatha kusamalira nkhuku zanu, kenako sambani m'manja. Akadwala m'masiku amenewa, mwapulumutsa khola lonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masabata atatu akatha ali bwino, musunthireni pafupi ndi nkhuku zanu koma akhalebe m'kakhola kake masiku atatu kapena anayi, kuti azionana popanda kukhudzana. Kenako mulowetseni m'khola lalikulu usiku. M'mawa zikadzuka pamodzi, kujomphana kumakhala kochepa, ndipo amakhala atadziwa pogona.

Masiku oyamba adzaoneka wofatsa. Musanyengeke, ameneyo ndi mlendo chabe. Khalidwe lake lenileni limabwerera akazolowera malo n'kuyamba kuona mathadzi anu ngati ake, patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Alipo atambala amene amasinthadi akapeza malo otakasuka opanda wopikisana naye. Ambiri sasintha. Chenjezani apabanja ndi alendo mpaka mutatsimikiza.

12. MSIKA NDI MPHIKA

Tinene mosabisa: makomo oyenera tambala wolusa ndi ochepa. Mukafufuza sabata imodzi kapena ziwiri osapeza, njira yotsala si yochititsa manyazi. Nkhuku timawetera ndiwo ndi ndalama.

Kugulitsa. Mavenda ndi eni malo odyera amafuna nkhuku ya lokolo, ndipo tambala wamkulu amagulidwa bwino, makamaka nyengo ya Khirisimasi, ya Eid ndi ya maukwati. Muuzeni wogula kuti ndi wa ndiwo, si woweta. Kugulitsa kwa munthu amene akapha tsiku lomwelo n'kwabwino kuposa kumuimika pamsika pamene wina angamugule kukaweta. Mukapita naye kumsika n'kubwerera naye osagulidwa, musamubwezere m'khola. Wakhudzana ndi nkhuku za kumadera ambiri, choncho akhale payekha masabata atatu kapena aphedwe.

Kupha pakhomo. Mugwireni usiku, agone m'dengu, ndipo muphe m'mamawa ndi mpeni wakuthwa bwino, mwachangu, kutali ndi nkhuku zina. Kumulanga chifukwa cha zimene anachita n'kopanda nzeru, nyama siidziwa mlandu. Ngati analandira mankhwala a matenda kapena a nsabwe posachedwa, dikirani masiku amene alembedwa pa paketi kapena amene mlangizi wanena. Katemera wa I-2 saletsa kudya nyama. Tambala wokalamba ndi wolimba, choncho muphikeni nthawi yaitali pamoto wochepa mpaka nyama ifewe.

13. KHOLA LANU TAMBALA ATACHOKA

Kodi nkhuku zisiya kuikira? Ayi. Thadzi limaikira mazira ngakhale palibe tambala, kungoti mazirawo saswa. Ngati mumaweta nkhuku chifukwa cha mazira odya, makamaka m'tauni, tambala simukumufuna n'komwe, ndipo anansi adzagona tulo.

Kodi mazira amene alipo ndi ake? Inde. Thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi kwa masabata awiri, nthawi zina atatu. Ngati simukufuna ana ake, idyani kapena gulitsani mazira onse a masabata atatu oyamba, ndipo muyambe kusungira ofungatira pambuyo pake, tambala watsopano atayamba kukwera.

Nanga ana ake aamuna amene akukula? Ayang'anireni akamafika miyezi isanu. Amene wayamba kulondola anthu adyedwe akadali wofewa, musadikire kuti amere chikhadabo.

Tambala watsopano ndimupeze kuti? Kwa mlimi wa mudzi wina amene mumadziwa khola lake, osati pamsika. Pitani masana mukamuone akuyenda pakati pa anthu. Muone ngati amapatuka mwana akamadutsa, ndiponso ngati amaitanira mathadzi chakudya m'malo modya yekha. Kusintha tambala pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri kumathandizanso kuti nkhuku zisamakwerane pachibale, chifukwa kukwerana pachibale kumabweretsa anapiye ofooka ndi mazira osaswa. Tambala watsopanoyo nayenso akhale payekha masabata atatu asanalowe m'khola.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

- Pakhomo pa ana aang'ono, tambala wolusa atsekeredwe tsiku lomwelo.
- Bala lakuya, la pankhope kapena la m'diso ndi la kuchipatala.
- Wolandira auzidwe zonse asanavomere.
- M'khola mukakhala matenda, nkhuku isatuluke pakhomo.
- Gwirani usiku, nyamulani m'katoni ya mabowo, yendani kukuzizira.
- Nkhuku yachilendo ikhale payokha masabata atatu.
- Khomo loyenera likasowa, aphedwe kapena agulitsidwe ngati ndiwo.

Musanamange katoni ija, dzifunseni funso limodzi: mwana wanu akanakhala kuti amasewera pabwalo la kumene tambalayu akupita, mukanavomera kuti afike? Ngati mtima ukukana, masulani chingwe, tenthetsani madzi.